"Ndinachira kale" si yankho pokapereka magazi

Nyengo ino ya chimfine ndi chifuwa ndaona chizolowezi chimodzi chimene chikundipweteka mtima. Munthu afika popereka magazi, namwino amufunsa ngati wadwalapo posachedwa, iye n'kungoti "ndinachira kale". Liti? Sakudziwa. Thupi linatentha masiku angati? Sanawerenge. Ena amabisa dala poopa kubwezedwa, ngati kuti funsolo ndi mwambo chabe wodzazira fomu. Ife ogwira ntchito kumalo operekera magazi takhala tikunena zimenezi zaka ndi zaka, koma anthu akadali pomwepo.

Tsikulo timalifuna chifukwa magazi a munthu amene wangodwala amasintha sabata ndi sabata. Kachilombo kakalowa, thupi limapanga ma antibody, tizinthu timene timakakamira kachilomboko kuti kasalowe m'maselo. Oyamba, otchedwa IgM, amaoneka cha kumapeto kwa sabata yoyamba. A IgG amabwera pambuyo, n'kuchuluka kwambiri pakatha pafupifupi mwezi, kenako amayamba kutsika. IgG imene ili kale m'magazi imatha ndi theka pa masiku pafupifupi 21, choncho zotsalazo zimadalira kuti thupi likupangabe yochuluka bwanji. Mavairasi nawonso safanana. Wodwala chikuku amasunga chitetezo moyo wake wonse, pamene ma antibody a COVID-19 amatsika pa miyezi yowerengeka.

Ndiye mukabwera msanga, mwina kachilombo mukadali nako, ndipo thumba la magazi anu likupita kwa mayi amene wataya magazi pobereka kapena mwana wofooka kale. Mukakumbukira mawa lake kuti munadwala n'kuimba foni, thumbalo limachotsedwa, ntchito yonse yoyeza n'kupita pachabe. Ngati akufuna plasma yanu, madzi achikasu a m'magazi aja, kuti akathandizire odwala matenda omwewo, kuchedwa nakonso n'kutaya: mupereka thumba lodzaza koma mphamvu yake itachepa.

Mu 2020 mayiko ambiri anasonkhanitsa plasma ya anthu ochira COVID-19, ndipo anapeza kuti opereka amasiyana kutali. Ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anaona kuti ma antibody ankachuluka mwa amene anagonekedwa m'chipatala, mwa achikulire, ndiponso mwa amuna kuposa akazi. Ku England bungwe loona za magazi linafika popempha makamaka amuna kuti abwere. Amene anangomva kukhosi kukanda masiku awiri nthawi zambiri anali ndi ochepa. Katemera wolandira pambuyo pa matenda amawakweza kwambiri, pamene mankhwala ofooketsa chitetezo amawatsitsa. Zonsezi namwino sangazione pankhope panu. Wina asamve molakwa kuti kudwala kwambiri n'kwabwino ayi, amene anadwala pang'ono nayenso thupi lake limakumbukira kachilomboko, kungoti nthawi zambiri plasma yake siyenera ntchito imeneyi.

Masabata apitawa kunabwera mlimi wina wa zaka za m'ma 50, munthu wamtima wabwino amene wapereka magazi kambirimbiri. Anandiuza tsiku limene mvula yoyamba inagwa, tsiku limene anabzala, ngakhale tsiku limene ng'ombe yake inabereka. Nditati, "Nanga bambo, inuyo munagwa liti ndi kutentha thupi kuja?" anangoyang'ana kudenga n'kuti ndi kalekale. Anali atapinda kale malaya, mkono uli pathebulo. Mayi a kunyumba kwawo, amene anawaperekeza, ndi amene anawerenga ndi zala n'kupeza kuti kutentha kunasiya masiku 9 okha apitawo. Tinawabweza. Ananyamuka atakwiya, akuti ulendo wonsewo ayendera chabe, ndipo ine ndinawamvetsa. Koma munthu wosunga tsiku la ng'ombe alephera bwanji kusunga la thupi lake?

Kusalabadira nthawi ndi mlingo wa ma antibody kwawonongetsa zambiri ngakhale kwa madokotala enieniwo. Ku Argentina kuli matenda otulutsa magazi oyamba ndi kachilombo ka Junin, amene amagwira kwambiri ogwira ntchito m'minda. Kafukufuku wa mu 1979 anasonyeza kuti plasma ya ochira, ikaperekedwa m'masiku 8 oyamba, inatsitsa imfa kuchoka pa anthu 16 kufika pa munthu mmodzi mwa 100 alionse. Ku Guinea mu 2015 anayesa njira yomweyo pa Ebola, plasma n'kuperekedwa asanayeze kuchuluka kwa ma antibody ake, ndipo phindu looneka silinapezeke. Ku America bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linaloleza plasma ya COVID-19 mu Ogasiti 2020, koma pofika Febuluwale 2021 linati izigwiritsidwa ntchito yokhayo yokhala ndi ma antibody ambiri.

Zochita zake n'zochepa. Lembani penapake tsiku limene munayamba kudwala ndi tsiku limene kutentha thupi kunatha. Dikirani masiku osachepera 14 mutachira bwinobwino, kapena monga mmene akuuzireni kumene mumapereka, poti matenda ena amafuna nthawi yotalikirapo. Nenani ngati munagonekedwa, mankhwala amene mukumwa, ndi tsiku la katemera womaliza. Mukadwala m'masiku otsatira mutapereka kale, imbani foni tsiku lomwelo thumba lisanatuluke.