Momwe mungapititsire nkhani ya chidikiro cha amayi oyembekezera kwa phungu wanu mpaka ilowe m'bajeti

Ngati pachipatala chaching'ono cha kwanu amayi oyembekezera akugonabe pakhonde kapena m'khitchini ya magadiyani podikira tsiku lawo, nkhaniyi ndalembera inu. Ndakhala m'komiti ya chipatala cha m'dera lathu, ndipo nyumba ya chidikiro imene tili nayo lero tinaipeza podzera kwa mafumu, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), khansala ndi phungu. Njira yomweyi mungaitsate mukafuna sukulu ya mkombaphala, mjigo wa pachipatala kapena nyumba ya namwino, koma pano ndilongosola za chidikiro poti ndi nkhani yomwe ndinayenda nayo.

Choyamba: tengani manambala kuchipatala

Musapite kwa phungu ndi mawu oti "amayi akuvutika". Mawu amenewo amawamva pamaliro paliponse, ndipo yankho lake analiloweza kale. Pitani kwa mkulu wa chipatala chanu limodzi ndi wapampando wa komiti, mupemphe kuti namwino akuwerengereni za m'kaundula wa kumateniti za miyezi 12 yapitayi. Mukufuna zinthu zitatu: amayi angati anachirira pamenepo mwezi ndi mwezi, angati anafika atachirira kale panjira kapena kunyumba (anamwino amalemba kuti BBA), ndi angati anatumizidwa kuchipatala chachikulu cha paboma. Musalembe dzina la mayi aliyense. Kaundula uja ndi wachinsinsi, inu mutenge chiwerengero basi.

Kenako funsani alangizi a zaumoyo kuti mudzi wakutali kwambiri uli pa mtunda wa makilomita angati, ndiponso mitsinje iti imaduka mlatho mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale. Alangizi amadziwa zimenezi kuposa wina aliyense chifukwa amayenda midzi yonse ndi sikelo ya ana. Zonsezi zikwane patsamba limodzi.

Pamwamba pa tsambalo mutha kuikapo za dziko lonse mwachidule. Kafukufuku wa zaumoyo wa MDHS wa 2010 anapeza kuti amayi 675 ankamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, ndipo wa 2015-16 anapeza 439. Chiwerengero chinatsika pa nthawi imene amayi ambiri anayamba kuchirira kuchipatala. Boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, ndipo mu 2012 Joyce Banda atakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino, mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu analimbikira kuti mayi asachirire pakhomo. Midzi yambiri mpaka lero imalipiritsa chindapusa mayi wochirira kunyumba. Mfundo yanu yamphamvu ili pomwepa: tikumulipiritsa mbuzi kapena nkhuku mayi amene wachirira kumudzi, pomwe kuchipatala tilibe pomugoneka akabwera msanga.

Chachiwiri: yambirani ku VDC

Izi aliyense amene anakhalapo m'komiti ya chitukuko akuzidziwa. Nkhani ikambidwe ku VDC, komiti ya chitukuko ya midzi ya kwa gulupu, gulupu adinde kalata, ipite ku ADC. Ngati chipatala chimathandiza ma VDC angapo, onse alembe, chifukwa ku ADC chitukuko chimene chapemphedwa ndi magulupu ambiri ndicho chimakwera pamwamba pa mndandanda. Khansala mumuuze nthawi yomweyi. Musamudumphe pothamangira phungu, poti iye ndiye amakhala m'makomiti a khonsolo momwe ndondomeko ya chitukuko cha boma lonse imakambidwa, ndipo khansala amene wamva nkhani ya m'wodi yake kuchokera kwa anthu ena amatha kuizizira.

Chachitatu: maminitsi a ADC

Gawo ili ndilo linativuta, ndipo ndikhalapo nthawi.

Phungu wathu anali atavomera pamsonkhano, pamaso pa mfumu yaikulu, kuti chidikiro chimangidwa. Amayi anaimba, nthungululu zinalira. Ku ADC nkhani inakambidwa bwinobwino ndipo aliyense amene analipo anatuluka akudziwa kuti chitukuko choyamba cha chaka chimenecho ndi nyumba ya amayi oyembekezera. Koma m'maminitsi munalembedwa mzere umodzi wokha: "kukonza chipatala". Maminitsi amenewo ndiwo anapita ku khonsolo. Ndalama zitatuluka, anthu a zomangamanga anabwera, anaona ming'alu pakhoma la kumene odwala amalembetsera, anamata, anapaka penti, anakonza mbali ya mpanda yomwe inagwa, ntchito n'kutha. Palibe amene anaba tambala. Anachita zimene zinali papepala. Titapita kukadandaula anatitulutsira maminitsi aja, ali ndi siginecha ya wapampando ndi chidindo. Mvula ya chaka chimenecho amayi anaigonera pakhonde lopakidwa penti watsopano, ndipo mmodzi anachirira pa ngolo usiku chifukwa anabwerera kumudzi atatopa ndi udzudzu wa pakhondepo. Mwayi wake mwana ndi mayi onse anapulumuka, koma zimandiwawabe ndikakumbukira.

Tsono inu chitani chonchi. Lembani nokha mawu a chitukukocho musanapite kumsonkhano, papepala loyera, ndipo akhale athunthu: kumanga nyumba yatsopano ya chidikiro cha amayi oyembekezera pa chipatala chakuti, ya mabedi akuti, yokhala ndi zimbudzi, mabafa, khitchini, magetsi a sola ndi madzi. Perekani pepalalo kwa mlembi wa ADC msonkhano usanayambe. Nkhani ikavomerezedwa, imikani dzanja mupemphe mwaulemu kuti, "A Tcheya, tingamve nawo momwe a Mlembi alembera mfundoyi?" Awerenge mokweza anthu asanabalalike. Ena amaona ngati n'kusakhulupirirana, koma mlembi wabwino amayamikira chifukwa mwamupeputsira ntchito. Alembi ambiri amalemba maminitsi oyera kunyumba patapita masiku, kuchokera pa timawu tomwe anakwatula msonkhano uli mkati, ndiye zambiri zimagwera panjira.

Maminitsi akasainidwa, jambulani pafoni tsamba lililonse, kuphatikizapo la mayina a amene anabwera. Kachiteninso fotokope. Ngati muli ndi wopita paboma mutumeni akachitire komweko, chifukwa pa tireding'i mtengo wa tsamba limodzi amauika mmene afunira magetsi akazima n'kuyatsa jenereta. Kope imodzi ikhale kuchipatala, ina kwa khansala, ina kwa gulupu, ina mupite nayo kwa phungu.

Osaiwala nambala ya chitukukocho pamndandanda. ADC imatumiza zinthu zambiri: milatho, midadada ya sukulu, mijigo. Chimene chili pa nambala 6 chimangokhala chokongoletsa pepala. Limbanani kuti chidikiro chikhale pa 1 kapena 2, ndipo nambalayo ilembedwe.

Patapita milungu ingapo, wina apite ku ofesi ya mkulu wa mapulani ndi chitukuko ku khonsolo, amene ambiri amangoti DPD, akaone ngati zomwe zafika kumeneko zikufanana ndi kope yanu. Mukakanizidwa kuona, lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limakupatsani ufulu wopempha polemba kalata. Nthawi zambiri simufika pamenepo. Mukapita ndi khansala amakuonetsani.

Chachinayi: kukumana ndi phungu

Tsopano muli ndi zogwirika m'manja. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiye lonjezo la pamsonkhano musaliwerengere mpaka litalembedwa.

Nthawi yake ndi yofunika. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo aphungu amakhala ku Lilongwe kukambirana bajeti cha m'ma Febuluwale ndi Malichi. Makhonsolo amakonza zawo izi zisanachitike. Ndiye nkhani yanu ikhale itafika pakati pa Okutobala ndi Disembala. Mukaipititsa mu Meyi mwadikiritsa amayi chaka china.

Pitani anthu ochepa: wapampando wa komiti ya chipatala, nthumwi ya mfumu, mayi mmodzi amene anagonapo pakhonde lija ndipo ali womasuka kufotokoza yekha, ndi khansala ngati awiriwo amamvana. Namwino musamukakamize kubwera, ndi wogwira ntchito m'boma ndipo mungamuike m'mavuto ndi mabwana ake. Musavale nsalu ya chipani chilichonse. Ndiponso tsiku limenelo pasapezeke wopempha ya sopo, ya fizi kapena ya bokosi la maliro, chifukwa phungu akatulutsa kenakake m'thumba amaona ngati nkhani yatha.

Chenjerani ndi anyamata ozungulira phungu amene amati "tipatseni ya mayunitsi tikulumikizeni ndi bwana". Kuonana ndi phungu wanu sikulipiritsa. Ena amalandira kalata n'kuisunga m'galimoto mpaka itanyowa. Perekani m'manja mwa mwini wake, ndipo asaine pa kope yanu kuti walandira.

Mum'pemphe zinthu zimene angathedi. "Olemekezeka, tikupempha zitatu." Choyamba, alembe kalata ku khonsolo yogwirizana ndi maminitsi a ADC, m'mawu omwewo. Chachiwiri, afunse funso ku Nyumba ya Malamulo kwa nduna ya zaumoyo lokhudza chipatala chanu, kutchula dzina lake. Funso lotere limalembedwa m'mabuku a Nyumbayo pamodzi ndi yankho la nduna, ndipo mukhoza kudzalikumbutsa. Chachitatu, alankhule ndi mkulu wa zaumoyo paboma za namwino woonjezera, chifukwa chidikiro chikatseguka amayi ochirira pamenepo amachuluka pomwe mzamba ali yemwe uja mmodzi wogwira usana ndi usiku.

Za thumba la chitukuko cha dera la phungu, lotchedwa CDF, dziwani izi. Linayamba mu 2006, ndipo m'chaka cha 2024/25 linafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse. Kwa zaka zambiri anthu ankalitcha ndalama za a MP, koma ndi ndalama za boma zodzera ku khonsolo. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, khoti linagamula kuti aphungu asamayendetse nawo thumbali. Choncho phungu akakuuzani kuti "ndikumangirani", yamikani, koma pepala lanu likhale kwa DC. Mphamvu yeniyeni ya phungu ili pa kufunsa, kukankha ndi kuchititsa manyazi ofesi imene yakhalira fayilo. Madera tsopano alipo 229 kuchoka pa 193, ndiye ngati malire anasintha kwanu, onetsetsani kuti chipatalacho chili m'dera la phungu uti. Midzi imene chimathandiza ikhoza kukhala ya aphungu awiri, ndipo zikatero alembereni onse.

Chachisanu: pulani ndi zipangizo

Pulani ichokere ku ofesi ya zaumoyo ndi ya zomangamanga ku khonsolo. Musalole mmisiri wa pamudzi kujambula yake, angakhale waluso bwanji, chifukwa nyumba imene a zaumoyo sanavomereze akhoza kukana kuilandira. Ngati chipatala chanu ndi cha mpingo, cha pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, eni malo avomere polemba kalata ntchito isanayambe.

Musathamangire kuumba njerwa. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, amafuna mabuloko a simenti kapena njerwa zotsindira pamakina. Mudzi upereke mchenga, miyala ndi madzi, ndipo zimenezo zilembedwe kuti ndi gawo lanu.

Mitengo imathamanga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makotesheni onse amene anthu anali nawo anasanduka mapepala wamba. Pemphani kuti pakhale ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo ngati ndalama zachepa, kuli bwino nyumba yaing'ono yotha ndi zimbudzi zake kusiyana ndi chinyumba chachikulu choima pa windo. Simenti ikamabwera muwerenge matumba nokha musanasaine, ndipo mugwire thumba lililonse. Alipo ogulitsa amene amasakaniza matumba ouma chifukwa cha chinyezi, ena amapungula n'kusokanso. Malata muone geji yolembedwa pa lata lenilenilo, poti pa lisiti amalemba 28 koma obwera ndi opyapyala. Ogulitsa amene wabwera ndi mawu oti "ndatumidwa ndi akuluakulu" ndiye woyenera kumuwerengera kawiri.

Zotsala

Sankhani komiti yoyang'anira ntchito, theka akhale amayi. Kontirakitala asalipidwe gawo lotsatira komiti ndi a khonsolo asanaone gawo lomwe latha. Jambulani zithunzi mlungu uliwonse n'kutumiza pa WhatsApp kwa khansala ndi phungu. Nyumba ikatha pamafunika mabedi, matiresi ndi maneti, zomwe kawirikawiri siziikidwa m'bajeti ya zomanga, ndiye kalata yopempha zimenezi ipite ku ofesi ya zaumoyo denga lisanakhomedwe. Gwirizananinso msanga kuti adzasesa ndani, nkhuni zidzachokera kuti, ndipo batire la sola likadzafa adzagule ndani.

Amene mukufuna mkombaphala, njira ndi yomweyi, kungoti mmalo mwa ofesi ya zaumoyo mupite kwa a zosamalira anthu paboma, ndipo manambala anu akhale a ana a zaka 3 mpaka 5 ndi alezi amene anaphunzitsidwa. M'maminitsi mulembetse chimbudzi cha ana ndi khitchini yophikira phala, chifukwa mukangoti "mkombaphala" adzakumangirani chipinda chimodzi chopanda zonsezo.