Kalembedwe ka buku la nthabwala la mayi wolimbana ndi ziwanda mumzinda

Mu 2005 mlembi wa ku America, Julie Kenner, anatulutsa buku lotchedwa Carpe Demon, lonena za Kate Connor, mayi wa ana awiri amene pa utsikana wake ankasaka ziwanda m'gulu lachinsinsi la ku Vatican, kenako anaisiya ntchitoyo n'kukhazikika pabanja m'tauni yopeka ya San Diablo ku California. Chiwanda chinamulowera pazenera la kukhitchini tsiku lomwe ankakonzera chakudya alendo a mwamuna wake. Nkhani zamtunduwu, zomwe zimadziwika kuti urban fantasy, zimaika zamizimu pakati pa moyo wamasiku ano wam'tauni, ndipo wofuna kulemba yake ya mayi wotereyu ayenera kudziwa kuti maziko ake ndi umayi, pamene ziwanda zimangobwera kudzausokoneza.

Choncho musanaganize za chilombo, lembani tsiku lonse la mayiyo kuyambira pamene wadzuka: ndani ayenera kusambitsidwa, ndani aperekezedwe kusukulu, ndalama ya ndiwo ichokera kuti, ndipo mwana wodwala akafike naye kuchipatala nthawi yanji. Ntchito imeneyi imaoneka yotopetsa, koma nthabwala zonse za bukulo zidzatuluka mmenemo. Owerenga saseka chifukwa chakuti chiwanda n'choseketsa. Amaseka chifukwa chafika pa nthawi yolakwika, mphika uli pamoto, khanda langogona kumene, ndipo mayiyo akulimbana nacho mwakachetechete poopa kudzutsa mwana amene wavutika naye usiku wonse. Aliyense amene analerapo mwana adzamvetsa chifukwa chake phokoso likumuopsa kuposa mano a chilombocho.

Mukatero, ikani malamulo a zolengedwa zanuzo, monga chimene chimazipha, malo amene sizingalowe ndi nthawi imene zimayenda, ndipo musawasinthe pakati pa nkhani pofuna kupulumutsa mayiyo. Mzinda wake ukhale umene mumaudziwa bwino misewu ndi misika yake.

Mbali yofunika kuidekhera kwambiri ndi ya ana. Olemba ambiri amalakwitsa pomusandutsa mwana katundu wongobedwa ndi adani kumapeto kuti mayi akamupulumutse. Mwanayo mum'patse khalidwe lake, liuma lake ndi mafunso ake, chifukwa mwana wa zaka zitatu amene amanena chilichonse chimene waona pamaso pa alendo ndi woopsa kwa mayi wosunga chinsinsi kuposa mdani aliyense, ndipo mtsikana wa zaka 14 amazindikira msanga kuti amayi ake akumunamiza. Ganiziraninso amene adzatsale ndi ana mayiyo akatuluka usiku, kaya ndi mnansi, agogo kapena mwamuna wake, komanso mtengo umene bodza lililonse likulipiritsa banjalo. Ine ndimaona kuti buku limakoma pamene wina wapafupi adziwa zoona nkhani isanafike pakati, popeza chinsinsi chikakhalitsa chimachititsa onse am'nyumbamo kuoneka opusa.

Nthabwala zisafafanize mantha. Pakhale malo awiri kapena atatu pamene kuseka kukutheratu, mayiyo n'kuona kuti akhoza kufa ana ake akadali aang'ono. Kulemba ngati kuti mayiyo ndiye akusimba yekha kumathandiza pamenepa, chifukwa liwu lomwelo lingathe kudandaula za zovala zosachapa m'chiganizo chimodzi, n'kunjenjemera m'chiganizo chotsatira.

Ngati nkhani yanu mukuiika kuno ku Malawi, pali chinthu china chofunika kusamala nacho. Ku America nkhani za anamapopa ndi zongosangalatsa, koma kuno mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe, ndipo okalamba akuzunzidwabe powaganizira ufiti, ngakhale kuti lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Pachifukwa chimenechi, mdani wa m'buku lanu asakhale gogo wa pakhomo loyandikana nalo kapena mlendo amene wangofika m'dera. Pekani cholengedwa chimene wowerenga sangachifananize ndi munthu weniweni, ndipo gogoyo mum'patse ntchito yolera ana kapena yophunzitsa mayiyo kumenya nkhondo.

Mukamaliza kulemba, perekani mitu itatu yoyambirira kwa mayi amene akulera ana aang'ono, ndipo mumupemphe kuti achonge paliponse pamene waona kuti mayi weniweni sakanachita zimenezo.