Kusankha tochi yolimba: yambani ndi batire, osati manambala a pakatoni

Tochi zambiri zimene zimafa msanga sizifa chifukwa cha babu. Masiku ano pafupifupi tochi iliyonse ili ndi babu la LED, ndipo babu limeneli limatha kuyaka maola masauzande ambiri ngati silikutenthedwa mopyola muyeso. Chimene chimapha tochi ndi batire lotayikira, switchi yotha, madzi olowa m'kati kapena kugwa pasimenti. Choncho mukaima pa benchi ya wogulitsa ku Limbe, ku Tsoka kapena mumsika wa Mzuzu, musayambe ndi kufunsa kuti ikuwala bwanji. Funsani kaye kuti imadya chiyani.

Batire ndiye mwini nkhani

Tochi za mabatire atatu ang'onoang'ono a AAA zadzaza paliponse chifukwa ndi zotchipa kupanga, koma ndi zimene zimadya ndalama kwambiri. Batire la AAA lili ndi mphamvu yosafika ngakhale theka la mphamvu ya AA, pomwe mitengo yake siisiyana kwenikweni. Komanso mabatire atatuwo amakhala mu kachibokosi ka pulasitiki kokhala ndi timasipuling'i tofewa, ndipo kachibokosi kameneka kakangothyoka kapena kuchita dzimbiri, tochi yonse yatha. Ambiri mwa matochi otere alibe kachipangizo kowongolera magetsi, ndiye amawala bwino mphindi zoyambirira zokha, kenako amayamba kufooka pang'onopang'ono mpaka kusanduka chiphaniphani.

Ngati kumene mukukhala kulibe potchajira podalirika, sankhani tochi ya AA, ya batire limodzi kapena awiri. Mabatire a AA amapezeka pa hokala iliyonse. Dziwani kuti alipo a mitundu iwiri. Otchipa aja, amene nthawi zambiri amalembedwa kuti Heavy Duty kapena Super Heavy Duty, ndi a zinc-carbon, ndipo dzinalo lisakunamizeni: amachita bwino mu wailesi kapena mu wotchi ya pakhoma, koma mu tochi yowala kwambiri amatha msanga. A alkaline ndi okwererapo mtengo koma amakhalitsa. Onse awiri amatayikira akatha mphamvu n'kusiyidwa m'kati mwa tochi, makamaka nyengo yotentha ya mu Okutobala ndi Novembala. Njira yabwino koposa kwa amene angathe kutchaja mwa apo ndi apo ndi mabatire a AA otchaja a mtundu wa NiMH. Awa satayikira chisawawa, ndipo abwino ake, monga Eneloop ya Panasonic, amakhala ndi mphamvu ya pafupifupi 2000 mAh (mAh ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga) ndipo amasunga moto miyezi yambiri ali m'kabati. Amafuna tchaja yakeyake, ndiye muiwerengere pa mtengo.

Tochi zazikulu zapulasitiki zokhala ndi pulagi yake yolowetsa kukhoma zimakopa chifukwa simugulanso mabatire. Zambiri mwa izo zili ndi kabatire ka asidi, m'bale wake wa batire la galimoto. Batire la mtundu umenewu limadana ndi kuumitsidwa: mukaliyatsa mpaka kuzimiratu kangapo, kapena mukalisiya lopanda moto kwa milungu, silibwereranso mwakale. Ndiye chifukwa chake tochi zotere zimayamba ndi maola angapo, pakapita miyezi ingapo n'kumangoyaka mphindi 10. Ngati muli nayo kale, muziitchaja ikangoyamba kufooka, osadikira kuti ithereretu.

Kwa munthu amene amatchaja foni tsiku ndi tsiku, kaya pamagetsi kaya pa sola, tochi yabwino ndi ya batire la lithium lotchedwa 18650. Dzinali likungonena kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba mwake, mamilimita 65 mulitali. Limagwira pa mavolti 3.6 kapena 3.7, ndipo likadzaza limafika 4.2. Koma apa mpamene pali bodza lalikulu. Batire lenileni la 18650, lochokera kumakampani monga Samsung, LG, Panasonic kapena Molicel, silipitirira kwenikweni 3500 kapena 3600 mAh. Lililonse lolembedwa 6800, 8800 kapena 9900 mAh ndi lachinyengo, ndipo nthawi zambiri mphamvu yake yeniyeni siifika ngakhale theka la batire labwino. Njira yolizindikirira ndi kulemera. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45 mpaka 48. Lachinyengo limapepuka moti ngakhale m'manja mumamva. Ngati pafupi pali sikelo yaing'ono ya digito, liikenipo, ndipo likapanda kufika magalamu 40 lisiyeni.

Onetsetsaninso kuti batirelo limatuluka. Tochi imene batire lake linamatiridwa m'kati imatha tsiku limene batirelo latha, pomwe ya batire lochotseka mumangogula lina. Kumbukirani kuti mabatire ena a 18650 ali ndi kachipangizo kodzitetezera kumapeto kwake, ndiye amatalikirapo, kufika mamilimita 68 kapena 70. Tengani tochi yanu pokagula batire kuti muyese ngati chotsekera chikutsekeka.

Manambala a pakatoni

Kuchuluka kwa kuwala kumayezedwa mu ma lumen. Kuti mukhale ndi poyerekezera, babu limodzi lakutsogolo kwa galimoto la mtundu wa H4 limapereka ma lumen pakati pa 1000 ndi 1650. Ndiye katochi kolowa m'thumba kakalembedwa kuti ma lumen 50,000 kapena 100,000, wolembayo akukuonani ngati mwana.

Masamu ake ndi osavuta. Batire labwino la 3000 mAh lili ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 11 kwa ola limodzi. Tochi yabwino imatulutsa ma lumen pafupifupi 100 pa wati iliyonse, kapena kupitirirako pang'ono. Choncho ma lumen 1000 amamaliza batire mu ola limodzi, ma lumen 100 amatenga maola 10, ndipo ma lumen 10 amakufikitsani masiku angapo. Wogulitsa akanena kuti tochi ya batire limodzi imawala ma lumen 2000 usiku wonse, mwadziwa kale yankho.

Palinso kutentha. Katochi kakang'ono sikangathe kutaya kutentha kwa mawati 10, ndiye tochi zopangidwa bwino zimadzitsitsa zokha pakapita mphindi imodzi mpaka zitatu. Zimenezi si vuto, ndi chitetezo cha babu. Tochi yachitsulo ikamafunda m'manja ndiye kuti kutentha kukutuluka. Ya pulasitiki yowala kwambiri imakhala yozizira kunja pomwe babu likupsa m'kati.

Kuwala kumene anthu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku n'kochepa kuposa mmene amaganizira. Kuwerenga, kuphika kapena kufunafuna chinthu m'nyumba magetsi akazima kumafuna ma lumen 5 mpaka 30. Kuyenda m'njira, kupita kuchimbudzi, kuona njoka isanapondedwe, ma lumen 50 mpaka 150 akwana. Mlonda, woyang'anira khola kapena wolondera dimba ndiye amafuna 300 kapena kuposerapo, komabe kwa kamphindi chabe. Motero tochi yothandiza ndi imene ili ndi magiya, kutanthauza milingo ya kuwala, atatu kapena anayi, kuphatikizapo lotsika kwenikweni. Pewani zija zimene zimakukakamizani kudutsa pa kuthwanimathwanima nthawi iliyonse musanazimitse. Zimatopetsa, ndipo switchi imatha msanga chifukwa chodinidwa kawirikawiri.

Makampani odalirika amalemba manambala awo motsatira muyezo wotchedwa ANSI FL1, umene unakhazikitsidwa mu 2009. Muziuwerenga mochenjera. Maola olembedwawo amawerengedwa mpaka pamene kuwala kwatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala koyamba, osati kuti tochi imawala mofanana nthawi yonseyo. Mtunda wolembedwawo ndi pamene kuwala kwatsala kofanana ndi kwa mwezi wathunthu, ndiye ngati alemba mamita 200, yembekezerani kuzindikira nkhope ya munthu pa theka la mtundawo kapena kucheperapo.

Kufika patali sikudalira ma lumen okha, kumadalira mutu wa tochi. Mutu waukulu wokhala ndi mbale yakuya yonyezimira umaponya kuwala kutali ngati mkondo, koma suthandiza kwenikweni m'nyumba. Mutu waung'ono umamwaza kuwala pafupi. Ndiye pali tochi zokoka mutu zija, zimene zimasintha kuwala kuchoka pa bwalo lalikulu kufika pa kabokosi kakang'ono. Pamsika zimagometsa, koma sitizilimbikitsa. Mutu ukamakokedwa umapopa mpweya ngati pampu ya njinga, n'kumalowetsa fumbi ndi chinyezi, ndipo mukaufinya kuti ufike patali kuwala kochuluka kumatsalira m'kati mwa mutumo. Pa mtundu wa kuwala, koyera kopita ku buluu kumaoneka kwamphamvu koma kumathobwa m'maso pa fumbi, pa mvula ndi pa chifunga cha chiperoni. Koyera kofundirako, kolembedwa 4000K mpaka 5000K, kumaonetsa bwino kusiyana kwa njoka ndi kamtengo.

Igwireni, itseguleni, igwedezeni

Musagule tochi imene wogulitsa akukana kuti muitsegule. Masulani chotsekera chakumbuyo. Mizere yopotera ikhale yakuya, yoyenda mosalala, osati yolira ngati muli mchenga. Pansi pa mizereyo payenera kukhala kamphira kozungulira kotchinga madzi. Ngati palibe, zolembedwa zonse za madzi ndi nkhambakamwa. Dinani sipuling'i ndi chala: ikhale yolimba ndipo ibwerere. Tochi yokhala ndi sipuling'i mbali zonse ziwiri imapirira kugwa kuposa ya mbali imodzi, chifukwa batire silimenya mwachindunji pa bolodi ya zamagetsi.

Kenako ikani batire, yatsani, muigwedeze ndi kuimenya pang'ono pachikhatho. Ikaphethira kapena kusintha giya yokha, ili ndi polumikizira pofooka, ndipo vutolo limangokulirakulira. Dinani switchi maulendo 20 motsatizana. Iyankhe ulendo uliwonse. Isiyeni ikuyaka pa giya lapamwamba kwa mphindi zitatu muone ngati kuwala kukusanduka kwa buluu, chimene ndi chizindikiro chakuti babu likupsa. Gogodani kutsogolo ndi chikhadabo: galasi lenileni silikalika msanga ngati pulasitiki. Thupi la aluminiyamu ndi labwino, koma pulasitiki yokhuthala yokutidwa ndi mphira imaposa aluminiyamu yopyapyala ngati chitini cha zakumwa.

Pa za madzi, yang'anani zilembo za IP. IPX4 imapirira kuwazidwa ndi madzi, monga mvula wamba. IPX7 imapirira kumira mita imodzi kwa mphindi 30. IPX8 imapitirira apo, malinga ndi mmene kampaniyo yanenera. Pamene pali X pakakhala 6, monga IP67 kapena IP68, ndiye kuti fumbinso sililowa. Msodzi wa kunyanja kapena woyenda pa njinga nthawi ya dzinja asatsike pa IPX7. Ngati tochi imatchajidwa ndi chingwe, sankhani ya USB-C, popeza kabowo ka micro-USB kamakhwepa msanga, ndipo muone ngati kachivindikiro kake ka mphira kamatseka zolimba. Timasola tating'ono tomatidwa pathupi pa tochi musatiwerengere. N'tochepa kwambiri moti tingafune masiku ambiri adzuwa kuti tidzaze batire, uku batirelo likuphikika padzuwapo.

Amene ali ndi abale kunja angathe kuitanitsa mitundu yodziwika ndi kulimba pamtengo wabwino, monga Convoy, Sofirn ndi Wurkkos, kapena yokwererapo monga Fenix ndi Nitecore. Wobweretsayo akumbuke kuti pandege mabatire a lithium apadera amanyamulidwa m'chikwama cham'manja, osati mu sutikesi yopita kunsi.

Ikafika kunyumba, zofunika ndi zochepa. Musasakanize batire latsopano ndi lakale, kapena a mitundu iwiri, chifukwa lofookalo ndi limene limatayikira. Ngati tochi ikhala mwezi osagwira ntchito, chotsani mabatire. Tochi za switchi yofewa ya m'mbali zimaba moto pang'onopang'ono ngakhale zili zozimitsa; pa zambiri za aluminiyamu, kumasula chotsekera pang'ono chabe kumadula magetsi. Batire la alkaline likatayikira n'kusiya ufa woyera, pukutani ndi kathonje konyowetsa mu viniga kapena madzi a mandimu, muumitse bwino, kenako mupale dzimbiri ndi sandipepa yosalala. Kamphira kotchinga madzi muzikapaka girisi ya silikoni kamodzi kapena kawiri pachaka, osati Vaseline kapena oyilo ya galimoto, chifukwa mafuta otere amafufumitsa mphira wina mpaka kuduka.

Batire la 18650 lokha ndi limene limafuna ulemu. Musalisiye padzuwa, m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi mbaula. Musaliike m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobiri, chifukwa chitsulo chikalumikiza mbali zake ziwiri limatha kuyaka moto. Chikopa chake cha pulasitiki chikang'ambika, makamaka chakumutu, kapena likaphwanyika pena, lisiyeni kugwiritsa ntchito, mulimate mbali zonse ndi tepi yamagetsi, ndipo musaliponye kudzala kumene amatentha zinyalala. Ngati mukulisunga kwa miyezi, likhale ndi moto wa theka, pamalo ozizira, mu kabokosi kake ka pulasitiki.