Momwe mungazindikirire ma peak a NMR ya puloteni mothandizidwa ndi kompyuta

Mukatsegula spectrum ya 15N-HSQC, chithunzi chochokera ku NMR (njira yoyezera mamolekyu ndi maginito amphamvu), mumaona timadontho tambirimbiri totchedwa ma peak, ndipo pafupifupi kadontho kalikonse ndi ka N-H (nitrogen yolumikizana ndi hydrogen) ya amino acid imodzi mwa amene amapanga unyolo wa puloteni. Funso ndi lakuti: kadontho aka ndi ka amino acid iti? Kale ntchitoyi inkatenga masabata, mwinanso miyezi, munthu akulumikiza kamodzikamodzi. Lero kompyuta imathandiza kwambiri, makamaka ngati maonekedwe a puloteni yanu akudziwika kale.

Yambani ndi puloteni imene. Lerani mabakiteriya a E. coli opanga puloteni yanu m'chakudya chokhala ndi 15N ammonium chloride ndi 13C glucose. Kenako jambulani ma spectrum awa a puloteniyo: HSQC, HNCO, HNCA, HNCACB, CBCA(CO)NH ndi NOESY, n'kuwakonza ndi pulogalamu ya NMRPipe. Manambala onse ayendere DSS, mankhwala amene amatengedwa ngati poyambira muyezo.

Chotsatira ndicho ambiri amachithamangira, chonsecho n'chimene chimagwira ntchito yonse: kuyeretsa mndandanda wa ma peak. Pulogalamu siidziwa kusiyanitsa chizindikiro chenicheni ndi phokoso ngati inuyo mwaipatsa zonse zosakaniza. Tsegulani pulogalamu ya CcpNmr kapena POKY, chotsani mizere yobwera chifukwa cha madzi a m'chubu, ndipo onetsetsani kuti ma spectrum onse akugwirizana. Spectrum imodzi ikasuntha pang'ono pokha, kompyuta ilumikiza ma amino acid osayandikana n'komwe, ndipo sidzakuchenjezani. Ine ndimaona kuti tsiku lathunthu pa gawo ili si kutaya nthawi.

Tsopano tengani maonekedwe a puloteniyo ku PDB (nkhokwe ya pa intaneti ya maonekedwe a mapuloteni), kapena ku AlphaFold (pulogalamu yolosera maonekedwewo) ngati palibe amene anawayezapo. Ochokera ku X-ray nthawi zambiri sakhala ndi ma hydrogen, choncho aikenimo. Pulogalamu ya SHIFTX2 kapena SPARTA+ ikuuzani pamene maatomu akuyenera kuonekera mu spectrum. Maonekedwewo amasonyezanso ma hydrogen oyandikana, osatalikirana kupitirira 5 kapena 6 Å (angstrom, muyezo wa mtunda pakati pa maatomu), omwe ndiwo amatulutsa ma peak mu NOESY.

Zonsezi zilowe mu FLYA, gawo la pulogalamu ya CYANA limene Elena Schmidt ndi Peter Güntert anatulutsa mu 2012. FLYA imayerekeza ma peak oyembekezeka ndi amene mwayeza, imabwereza ntchitoyo maulendo 20, ndipo yankho imalitcha lolimba ngati 80 peresenti ya maulendowo agwirizana. Ngati mulibe CYANA, pulogalamu ya ARTINA ya mu 2022 imapezeka pa intaneti kudzera pa tsamba la NMRtist, ndipo ma peak imasankha yokha.

Zotsatira zikabwera, musazimeze osatafuna. Yerekezani ndi zimene zimadziwika za amino acid iliyonse. Glycine ilibe Cβ (carbon yoyamba ya nthambi ya amino acid), ndipo Cα yake (carbon yapakati) imakhala cha pa 45 ppm, muyezo wa malo pa spectrum. Cβ ya alanine ili cha pa 19, ya serine ndi threonine pamwamba pa 60. Proline ilibe N-H, ndiye unyolo umaduka pamenepo, ndipo zolakwika zimakonda kubisala pafupi nayo. Samalaninso ndi mbali zopindikapindika za puloteni: mu kristalo zimakhala zopanikizika, koma m'chubu chanu zimayenda momasuka, choncho zimene SHIFTX2 yalosera pamenepo zikhoza kusocheretsa. Maonekedwe akatsutsana ndi HNCACB yooneka bwino, khulupirirani HNCACB.

Mukatsimikiza, tumizani manambala anu ku BMRB (nkhokwe ya pa intaneti ya zotsatira za NMR), pamodzi ndi pH komanso kutentha kumene munayezera.