Kusankha maloko a difu pa galimoto yogonamo ya 6x6

Musanagule loko iliyonse, lowani kunsi kwa galimoto yanu muwerenge madifu amene ili nawo. Difu ndi magiya amene amalola tayala la kunja kwa kona kuzungulira mofulumira kuposa la mkati. Kuipa kwake n'kwakuti imagawa mphamvu mofanana mbali zonse ziwiri. Tayala limodzi likalendewera m'malere kapena likaponda poterera, limangozungulira pachabe, ndipo linzake lomwe laponda pouma limalandira kamphamvu kochepa komweko. Loko imamangirira matayala awiriwo kuti azizungulira pamodzi.

Galimoto ya 6x6, ya maekiselo atatu onse okoka, itha kukhala ndi madifu mpaka 5: imodzi pa ekiselo iliyonse, ina pakati pa maekiselo awiri akumbuyo, ina mu transfer case, bokosi la magiya lomwe limagawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Mercedes G63 AMG 6x6 ya mu 2013 ili ndi maloko 5 pa chifukwa chimenechi. Koma zimene anthu amazisandutsa nyumba zoyenda nazo maulendo ataliatali n'zosiyanasiyana. Pinzgauer 712 ya ku Austria ndi Volvo C304 ya ku Sweden zinachoka ku fakitale zili kale ndi maloko, choncho mwini wake akonze omwe alipowo, asagule ena. M35, lole yakale ya asilikali a ku America ya maekiselo a Rockwell, ilibe difu pakati pa maekiselo akumbuyo, ndipo madifu ake atatu alibe loko. Palinso zina zomwe adangoziwonjezera ekiselo yachitatu yonyamulira katundu, yosakoka n'komwe. Pamenepo palibe choti mumange.

Ngati pakati pa maekiselo kapena mu transfer case muli difu yopanda loko, yambirani pomwepo. Mphamvu imathawira ku ekiselo yomwe ikuterera isanafike n'komwe ku maloko okwera mtengo omwe mwaika kwinako.

Tsopano mtundu wa loko. Pali zodzimanga zokha, monga Detroit Locker, zomwe zimakhala zomanga mukamaponda moto n'kulola tayala la kunja kuthamangako pa kona. N'zolimba, zilibe mawaya kapena mapaipi, ndipo anthu ambiri a M35 amazikonda. Komabe pa galimoto yogonamo ine sindizilimbikitsa. Galimoto yotere ndi yaitali msinkhu, yanyamula madzi, mafuta, mabatire ndi zogonera, ndipo gawo lalikulu la ulendo wake limakhala pa tala. Maekiselo awiri akumbuyo amakana kale kukhota, amakwekwesa matayala pa kona iliyonse. Mukawonjezapo loko yomwe simungaizimitse, galimoto imalimbikira kupita kutsogolo pomwe inu mwakhotetsa chiwongolero. Choopsa kwambiri chili pa msewu wopendekera woterera kapena wa madzi oundana. Difu wamba imasiya tayala limodzi likugwirabe pansi, pomwe yomanga imazunguza onse awiri, mbuyo ya galimoto n'kuyamba kutsetserekera kumunsi. Nyumba yonse ili pamsana, kutsetsereka koteroko kumathera pogubuduzika.

Choncho sankhani yomwe mumamanga ndi kumasula nokha muli pampando. Ya mpweya, monga ARB Air Locker ya ku Australia, imafuna mpweya wa pafupifupi 6 mpaka 7 bar. Ngati lole yanu ili ndi mabuleki a mpweya, gwero lilipo kale, koma tengani mpweyawo pa thanki ya zinthu zowonjezera kudzera pa valavu yoteteza, kuti kapaipi ka loko kakaphulika musatsale opanda mabuleki. Yopanda mabuleki a mpweya ifunika kompuresa, yomwe mukanaifunabe popopera matayala 6 mukatuluka mu mchenga. Mpweya ukatha, sipuling'i imamasula loko, difu n'kubwerera mwakale, ulendo n'kupitirira. Ya magetsi, monga Eaton ELocker, imangofuna waya ndi switchi. Mitundu yake ina imafuna tayala lizungulire pang'ono isanagwire, ndipo imamasukako kanthawi mukasintha kuchoka kutsogolo kupita m'mbuyo, zomwe zimakwiyitsa mukamagwedeza galimoto kuti ituluke m'dzenje. Ya chingwe, monga OX, ndi yosavuta kuimvetsa, koma chingwe chochokera kwa dalaivala kukafika ku ekiselo yachitatu n'chachitali mopitirira muyeso.

Nthawi zambiri chomwe chimagamula si zokonda zanu ayi, koma ekiselo yanu. Loko imapangidwira difu yakutiyakuti: mtundu wake, chiwerengero cha mano a kumapeto kwa shafuti, ndi magiya omwe alimo. Werengani kachitsulo ka manambala kali pa ekiselo, ndipo ngati galimoto inadutsa m'manja mwa ena, solani shafuti muwerenge manowo ndi maso anu. Pa malole akuluakulu, njira yabwino kawirikawiri ndi kupeza difu yathunthu ya fakitale yomwe inabwera ndi loko yake.

Ndalama zikakwana loko ya pa ekiselo imodzi yokha, iikeni kumbuyo. Ekiselo iti mwa ziwirizo? Pitani pa sikelo galimoto itadzaza monga imakhalira pa ulendo, muyeze ekiselo iliyonse payokha. Yolemedwa kwambiri ndiyo ipindule. Ngati zikulemera mofanana, ine ndimakondera yapakati, poti kumanga yomaliza kumalimbitsa kwambiri chiwongolero. Ya kutsogolo ibwere pomaliza. Kumeneko kuli majointi okhotera, omwe ndi ofooka kuposa shafuti yowongoka, ndipo loko ikamanga, mphamvu yonse ya ekiseloyo itha kudutsa mu shafuti imodzi ya tayala lomwe lagwira. Pa galimoto yolemera matani angapo, kuponda moto chiwongolero chili chokhota mpaka kumapeto ndi njira yachidule yothyolera jointi. Ena amaika Truetrac kutsogolo, difu ya magiya opotana yomwe imachepetsa kuterera popanda kumanga kotheratu. Imathandiza m'matope, koma tayala likangochoka pansi mphamvu yake imachepa, pokhapokha mupondeko buleki pang'ono.

Loko iliyonse ikhale ndi switchi yakeyake, ndipo ngati n'kotheka ikani nyali yosonyeza kuti yagwiradi, osati yongosonyeza kuti mwadina. Lumikizani mawaya mwakuti ya kutsogolo isamange ya kumbuyo isanamange.

Mukafika povuta, yambani mwaphwetsako matayala, kenaka mangani mwadongosolo: ya mu transfer case ndi ya pakati pa maekiselo, zakumbuyo, ya kutsogolo pamapeto. Mangani musanalowe, galimoto itaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono mowongoka. Kumanga tayala likuzungulira pachabe kumathyola mano. Mukangotulukamo masulani, ndipo ikakakamira, bwererani m'mbuyo pang'ono kuti mashafuti apepukidwe. Matayala anayi akumbuyo akhale a msinkhu umodzi ndi otha mofanana, makamaka ngati pakati pa maekiselowo palibe difu. Ngakhale ulendo ukhale wa pa tala pokhapokha, mwezi uliwonse pezani msewu wafumbi mumange ndi kumasula loko iliyonse kangapo, kuti zitsulo zake zisagwirane ndiponso mumve ngati mpweya ukutuluka penapake.