Akakutsatsani "mankhwala a korali", funsani izi musanatulutse ndalama

Azakhali anga a ku Kawale ananditumizira uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti ufa wa korali "umapha khansa". Poti ndimaphunzitsa chemistry, amafuna ndiwauze ngati agule. Zimene ndinawauza ndi izi.

Choyamba, funsani kuti ndi korali wanji. Korali si mtengo, ndi tizilombo tokhala mogundana m'nyanja ya mchere. M'nyanja yathu ya Malawi mulibe. Wina ndi wolimba ngati mwala, ndipo ufa wake ndi calcium carbonate basi, yemweyo wa m'chigoba cha dzira. Amene akatswiri amamulondalonda ndi wofewa uja. Alibe chigoba chobisalamo, kuthawanso sangathe, ndiye amadziteteza ndi madzi owawa kapena apoizoni kuti nsomba zisamudye. Mankhwala akufunidwa m'menemo.

Kenako funsani dzina la chinthu chomwe chikuchizacho. Mayina enieni alipo. Pseudopterosin amachokera ku korali wa ku Bahamas, amachepetsa kutupa, ndipo analowa m'mafuta odzola a kampani ya Estée Lauder. Eleutherobin anapezedwa ndi gulu la William Fenical mu korali wa kumadzulo kwa Australia, nkhani yake inatuluka mu 1997. Amaletsa maselo a khansa kugawikana, ngati momwe mankhwala a khansa otchedwa Taxol amachitira.

Apa ndiye pamene ambiri timapusitsidwa. Funsani kuti anayesera pa chiyani: maselo a m'kambale mu labotale, mbewa, kapena anthu? Kupha maselo m'kambale si nkhani, ngakhale jiki amapha. Eleutherobin yemweyo anaima panjira kwa zaka zambiri chifukwa mu korali amapezekamo pang'ono zedi, osakwana n'komwe kuyesera mokwanira. Mu 2022 ndi pamene akatswiri a University of Utah anapeza majini (malangizo a chibadwa a m'maselo) amene korali amayambira kumupanga. Ndiye ngati iwowo akuvutika chonchi, botolo la pamsika wa Tsoka lamutenga kuti?

Chomaliza n'chachidule: onani ngati botololo linalembetsedwa ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala kuno kwathu. Wogulitsa akayamba kuzungulira, chokanipo.

Ndinawauza kuti, "Azakhali, chotupa chanucho tikachionetse ku Kamuzu Central, ndikuperekezani Lachiwiri." Anang'ung'udza za mzere, koma tinapita.