Momwe mungasungire nyongolotsi ndi tizilombo tina tamoyo tophunzitsira Biology

Aphunzitsi anzanga a Biology muno mu Zomba, zija zomauza ana kuti mawa aliyense abwere ndi nyongolotsi tiyeni tizisiye. Mu Januwale zimatheka poti nthaka imakhala yonyowa, koma mukawatuma mu Okutobala amakumba mpaka thukuta kamukamu osapeza kanthu, nyongolotsi zimakhala zalowa pansi kwambiri, ndiye ziwiri zitatu zomwe apezazo zimafika mkalasi zitauma kale mu jumbo. Zisungeni nokha pasukulu chaka chonse, sizifuna labu yapamwamba ayi, ndowa yakale ndiyokwanira.

Choyamba pezani ndowa ya pulasitiki ya malita 20 kapena chigubu chodula pamwamba, bola chisakhale choti munasungiramo parafini kapena mankhwala a mbewu. Boolani timabowo pansi ndi msomali wotentha kuti madzi azituluka, tina mmbali chakumtunda tolowera mpweya.

Kenako konzani pogona pake, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Sakanizani dothi lakuda lakudimba, manyowa a ng'ombe owola bwino, masamba ouma ndi makatoni ong'ambang'amba omwe mwawanyika mmadzi. Masamba a bulugama asiyeni. Mukasakaniza tapani dzanja limodzi mufinye, pazituluka dontho limodzi kapena awiri basi. Nyongolotsi ilibe mapapo, imapumira pakhungu ndiye khungulo likauma yafa, komanso mukathira madzi ambiri mpaka kukhala matope mpweya umatha mudothimo ndipo mudzazipeza zikukwera mmbali mwa ndowa kuthawa. Madzi a pampopi ayambe agona mu beseni tsiku limodzi kuti kolorini achoke, a mvula ndiye abwino koposa.

Zokasakazo pitani kumadimba a mmbali mwa Likangala kapena Mulunguzi, pansi pa nthochi, kapena padzala pomwe zinyalala zawolerana. Zing'onozing'ono zofiirira za pamanyowa zimakhazikika bwino mundowa kuposa zikuluzikulu zokumba pansi patali. 30 kapena 40 zikwanira kuyambira. Auzeni ana akumbe mwaulemu, ambiri amakhulupirira kuti ukaidula pakati zimakhala ziwiri, sizoona, mbali yakumutu ndi yomwe nthawi zina imapola nkumeranso mchira, inayo imafa.

Chakudya kamodzi pa sabata: makoko a nthochi, masamba a tiyi ogwira kale ntchito, zotsala posadzula mpiru, ndi kagaga pang'ono kongowaza. Pang'ono ndithu, gaga akachuluka amachita nkhungu nkutenthetsa dothi. Zamchere, zamafuta ndi makoko a mandimu ayi. Kwirirani chakudyacho ndi kadothi, vindikirani ndi chiguduli chonyowa, ikani pamthunzi pozizira, osati pawindo.

Mdani wamkulu ndi linthumbu. Ine ndinasiya ndowa yanga pansi mu sitolo ya sukulu Lachisanu, Lolemba ndikutsegula ndinapeza mzere wa linthumbu ukutuluka pa timabowo tapansi tija, nyongolotsi zomwe tinazisamala miyezi itatu zonse zitatha, ndipo ana a Fomu 1 omwe ankazidyetsa zinawapweteka kwambiri. Chiyambireni ndimasanjika ndowa pa njerwa ziwiri zomwe zili mu beseni la madzi, njerwazo zitatulukira pamwamba, nyerere siziwoloka.

Tsiku la phunziro tulutsani zochepa, muzitsuke ndi timadzi. Ikani imodzi papepala louma kwa kamphindi, kalasi ikhale chete, mwana ayandikitse khutu amve kukwerekesa kwa timinga tapamimba tomwe imagwirira nthaka poyenda, mmabuku amati setae. Nkhope ya mwana akamva kaphokoso kameneko simungayiiwale. Mukatero ibwezereni pa nsalu yonyowa msanga. Ndi hand lens, kagalasi kapamanja kokulitsira zinthu, aone mtsempha wakuda wapamsana ukugunda, aonenso kalamba kotupa kaja chakumutu, clitellum, komwe kamapanga tizikwa ta mazira. Nyongolotsi iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, komabe zimakumana ziwiri kuti ziswane, ndipo ndowa yanu ikamayenda bwino mudzayamba kuona tizikwa tachikasu tonga njere ya mapira mudothimo. Mukafuna aone ntchito yake munthaka, dulani botolo loonekera la malita 2, sanjani mchenga ndi dothi lakuda mosinthanasinthana, ponyanimo zisanu, kulungani ndi pepala lakuda poti zimadana ndi kuwala, pakatha sabata mizere ija mudzaipeza yasokonekera ndi tinjira.

Zina nzosavuta. Bongololo ndi nkhono zapamtunda zimakhala mu beseni la dothi lonyowa ndi masamba owola, nkhono muziziwonjezera zikamba za mazira zosinja kuti chigoba chilimbe, ndipo vindikirani ndi neti chifukwa zimakwera. Nankalizi musasunge, amaluma. Anankafumbwe ikani mu botolo la chimanga chosathira mankhwala, kukamwa mumange kansalu, pakatha mwezi ndi kanthu muswe njere zingapo ana aone mphutsi mkati.

Za mmadzi ndiye chonde tcheru. Nkhono za mmadzi a kunyanja ya Chilwa ndi mmadambo ozungulira zimatha kunyamula tizilombo ta likodzo tomwe timalowera pakhungu, musatume ana kukazitola ndi manja kapena kulowa mmadzimo. Ngati mukufuna tizilombo tating'ono toonera pa maikulosikopu, tungani nokha madzi apadziwe ndi chikho chomangirira kundodo, ikani mu botolo lagalasi powala koma posaomba dzuwa, ndipo muziwaza yisiti wochepetsetsa, wapansonga ya machesi. Mukaonamo mphutsi za udzudzu mangani neti pakamwa, phunziro likatha khuthulirani pa dothi louma zisanasanduke. Aliyense wagwira chilichonse mwa izi asambe mmanja ndi sopo.

Teremu ikamatha musangokiya chitseko nkumapita. Anankafumbwe atha kudikira, koma ndowa ya nyongolotsi pitani nayo kunyumba kapena musiyireni mwana wodalirika wokhala pafupi, mumuonetse kafinyidwe ka dothi kaja, aziwaza madzi pa chiguduli kawiri pa sabata.